Thumba la Mbewa Zamoyo

Ku Lifuwu konse, mukafunsa munthu wodziwa mbewa, aliyense akulozerani kwa a Lawson Kamtedza. Bambowa ankangoyang'ana dothi la pakhomo pa una n'kukuuzani kuti mkatimo muli kapuku kapena chitute, ndiponso kuti mbuli yake, kabowo kothawira kaja, yatulukira pati. Anali atakumba mbewa zaka makumi anayi, ndipo ankanena poyera kuti mbewa yowapulumuka iwo sinabadwe. Anali odzitama, inde, koma mipani yawo inkawaikira umboni.

Ndiye tangoganizani munthu wotereyu akuphunzitsidwa za mbewa ndi Triza, mwana wa mlongo wawo, yemwe ankamunyamula paphewa dzanadzanali. Triza anali pasukulu ya ukachenjede ku Lilongwe. Anabwera kumudzi mpunga utangokololedwa, atanyamula misampha yamalata yooneka ngati timabokosi, timabotolo tochepa kuposa chala, ndi wotchi yowerenga masekondi. Tsiku loyamba lomwelo anawakhazika atsibweni ake pamgula wa m'munda n'kuwafotokozera ntchito yake yonse.

Ankafuna kudziwa chimene moto wa osaka mbewa umasiya m'mutu mwa mbewa zimene zapulumuka. Anati mbewa ikamva utsi kapena kugunda kwa khasu, pakati pa ubongo wake pamatuluka timadzi tonyamula uthenga. Uthengawo umatsika mpaka kukafika ku tiziwalo tokhala pamwamba pa impso, ndipo timeneto timathira m'magazi mankhwala a dzina lalitali, kotikositeroni. Mankhwalawo ndi amene amakonzekeretsa thupi kuthawa. Koma akakhalitsa m'thupi, mbewa imasintha khalidwe: imaleka kununkhiza zinzake, imadya payokha, ina imasiya ndi ana omwe. Mu ubongo momwemo muli mankhwala ena ochita zosiyana, amene amakoka mbewa kuti ikagone pafupi ndi inzake mpaka mtima utakhala m'malo. Triza ankaganiza kuti moto ndi umene umabalalitsa mbewa n'kuzikankhira ku nkhokwe za anthu, koma anati kuganiza si umboni. Umboni unali m'magazi, ndipo magaziwo anali ndi lamulo lake. Mbewa ikangokodwa, iye anali ndi mphindi zitatu zokha zotengera kadontho kumchira. Zikapitirira pamenepo, mantha a msamphawo amakhala alowa kale m'magazi, ndipo sangadziwenso kuti mbewayo inali bwanji isanagwidwe.

A Lawson ankagwedeza mutu nthawi yonseyi, akuti eya, eya. Zoona zake n'zakuti anatolapo chinthu chimodzi chokha: mwanayu akufuna mbewa zamoyo. Zinazo za ubongo ndi impso anazitenga ngati zokometsera za kusukulu. Funso linawafika pakhosi kangapo, koma katswiri wa ku Lifuwu angafunse bwanji za mbewa kwa mwana? Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo chopweteka n'chakuti mwambi umenewu a Lawson ankakonda kuuza ena.

Pofika pakati pa Julaye, Triza anali atatenga magazi a mbewa makumi atatu za m'minda yotenthedwa. Zinatsala makumi atatu zina za m'munda wosapsa, wosakumbidwa, zoti ayerekezere nazo. Popanda zimenezo, zoyamba zija zinali zopanda ntchito. Chaka chatha madzi osefukira anamukokolera misampha ndi nyengo yomwe, ndipo kusukulu anamuuza mosapita m'mbali kuti mwayi womaliza ndi uno: akabwerera chimanjamanja, dzina lake lifufutidwa. Munda wosakhudzidwa ndi moto kapena khasu unatsala umodzi wokha m'dera lonselo, ndime ya a Lawson, kumapeto kwenikweni, kutsidya kwa kangalande kamene madzi ake anali ataphwa kale. Masiku asanu Triza anasiyamo misampha ili chitsegukire, muli chiponde, kuti mbewa zizolowere kulowa ndi kutuluka osaopa kanthu. Anakonza zoitchera Lachisanu m'bandakucha. Galimoto ya kusukulu inkabwera kudzamutenga Lachisanu lomwelo masana.

Lachinayi m'mawa magetsi anali asanayakebe, tsiku lachiwiri limenelo, ndipo magazi amene anali m'firiji anayamba kumudetsa nkhawa. Anapangana ndi a Idi, bambo wa njinga yamoto, kuti amutengere ku boma akasake ayisi. Asanakwere anabwera kwa atsibweni ake, katundu ali pamsana.

"Atsibweni, ndikupempha chinthu chimodzi. M'ndimemo musalowe moto, musalowe khasu, mpaka mawa m'mawa. Chaka changa chonse chili mmenemo."

"Pita, mayi," anatero a Lawson. "Ndime ya Lawson singapse Lawson ali moyo."

Mawu amenewa anawanena mokweza dala kuti a Idi amve nawo.

Mwera unayamba kuwomba dzuwa lisanafike paliwombo. A Lawson anali atakhala pansi pa mtengo wa mango kumbali kwa ndime, akusongola mpini, pamene mphuno inawauza zinthu maso asanaone. Anaimirira. Kummwera, kupitirira ndime zinayi kapena zisanu, utsi woyera unali utagona chopingasa, ukubwera kuno. Kumbuyo kwake kunali amuna anayi ndi makasu ndi agalu awiri. Wamtali wa chipewa chofiira anamuzindikira ali patali: a Davie a ku Chinguluwe, mnzawo wa khasu kuyambira paunyamata, komanso munthu yekhayo amene ankatsutsa zoti a Lawson ndi katswiri.

Anapita kukakumana nawo akuyenda ngati munthu wosafulumira. Analonjerana bwinobwino, kufunsana za kunyumba ndi za zokolola. Kenako a Lawson anapempha, mopotapota, kuti motowo auzimitse kaye, adzayatse mawa masana.

A Davie anafunsa chifukwa chake. Apa ndi pamene panavuta. Aliyense kuno amadziwa kuti mpunga uli ndi mwini wake koma mbewa zilibe. Munda ukakololedwa, wosaka amalowa popanda kuodira, ndipo womuletsa amasekedwa mpaka kumaliro. A Lawson eni ake anali atanena zimenezi kambirimbiri ku Chinguluwe, tsiku lina ataimirira m'munda mwa a Davie omwewa. Tsono anayesa kufotokoza za mwana wa mlongo wawo, za sukulu, za magazi. Atafika pa ubongo anapunthwa. Ananena kuti mbewa zili ndi madzi m'mutu, kenako anati ayi, ali mu impso, ndipo amuna aja anayamba kuyang'anizana.

"Ndiye mbewa zanuzo mawa zili ndi mayeso?" anafunsa a Davie. Anzawo anaseka mpaka wina anatsamira khasu. Kenako nkhope ya a Davie inakhazikika. "Achimwene, ndime yanu ine sindiyatsa, ndakulemekezani. Koma moto wayaka kale, ndipo mphepoyi sindinaitume ndine. Ikapsa yokha, mukudziwa mwambo. Tilowamo tonse."

A Lawson anatembenuka, ndipo ulendo uno anathamanga.

Anamuimbira Triza. Foni inalira mpaka kuduka. Mwina inali m'chikwama, mwina njinga inkasokosa. Anaimbanso, chimodzimodzi. Kachitatu anangoiyang'ana n'kuibweza m'thumba. Tinene zoona: mbali ina ya mtima wawo inakondwa kuti sanayankhe, chifukwa akanamuuza chiyani, kuti Lawson wagonja pa ndime yake yomwe?

Anagwira khasu n'kuyamba kulambula m'mphepete mwa kangalande kaja, mbali imene moto unkachokera. Ankapala udzu wouma n'kuuponya kutali, kusiya dothi lokhalokha, mikono iwiri m'lifupi. Ntchito imeneyi ndi ya anthu atatu. Anaigwira okha, thukuta likulowa m'maso. Atafika kumapeto, moto unali utadya ndime ziwiri. Ankaumva tsopano, ukuthetheka m'ziputu za mpunga, ndipo akabawi anali atafika kale, akuzungulira pamwamba kudikira zothawa. Phulusa lakuda linayamba kugwa pamalaya awo. Kenako kanyali ka udzu woyaka kanauluka, kanadumpha ngalande ndi malo olambula omwe, n'kugwera m'ndime mwawo. Anakapondaponda ndi phazi. Kena kanagwa chapatali. Anathamangira komweko n'kukazima ndi manja.

Anaima pakati pa ndimeyo akupuma movutika. Mantha anawagwira, chinthu chimene sichinawachitikirepo ngakhale tsiku limene anatulutsa mphiri muuna ndi dzanja. Sankaopa kupsa. Ankaona nkhope ya Triza akutsika njinga, ndime ili bii, a Davie ndi anzawo akutola mbewa zake n'kuziswa mitu pampini, ndiponso mlongo wawo atamva kuti mwana wachotsedwa sukulu chifukwa cha mawu a atsibweni ake. Munthu akachita mantha otere maganizo amapanikizika, amangoona njira imodzi, ndipo kawirikawiri imakhala njira imene manja ake anazolowera.

Anadziuza kuti lamulo la khasu linali la tsiku labwino. Ndime ipsa basi, kaya afune kaya asafune. Mwanayo akufuna mbewa zamoyo makumi atatu. Ndani ku Lifuwu angatulutse mbewa makumi atatu moto usanafike, ngati si Lawson?

Anayamba ndi misampha. Anaisonkhanitsa yonse, chiponde chikutayikira pansi, n'kuiunjika pamgula wakumpoto. Kenako anatenga thumba la feteleza limene ankakhalira pansi pa mango, nalikutumula, n'kulowa m'ndime.

Tikanakhala ndi mtima woyamikira, ntchito imene inagwiridwa masana amenewo inali yoti anthu aione. A Lawson ankafika pa una, kuponya diso kamodzi, n'kupita molunjika pamene mbuli yatulukira, kutsekapo ndi udzu ndi chidendene. Khasu linkagwa katatu kapena kanayi, osapitirira. Dzanja linkalowa mpaka m'chigongono n'kutuluka ndi mbewa itagwidwa pakhosi. Chovuta chinali chimodzi: dzanja limenelo linazolowera kupha, ndipo maulendo awiri linafinya lokha mwini wake asanaliletse. Atatero anayamba kugwira mofewa, ndipo mbewa yogwidwa mofewa imaluma. Zinawaluma pachala chachikulu, pakati pa zala, pachikhatho. Sanasamale. Ankaponya m'thumba, kupotokola kukamwa kwake, kuliponda ndi bondo, n'kusunthira pa una wina.

Utsi unakuta ndime yonse. Ankatsokomola, maso akutuluka misozi, ndipo sanadzutse mutu ngakhale kamodzi kuti aone pamene moto wafika, poopa kuti akaona ataya mtima. Ankawerenga chamumtima. Khumi ndi ziwiri. Muuna wina anapeza yaikazi ndi ana ake ofiira osaphenya. Anatenga mayiyo, anawo n'kuwakwirira. Makumi awiri. M'thumba munali phokoso la kulira ndi kukanda, ndipo linkagwedezeka lokha akalisiya pansi. Mgula umene anaumanga ndi manja awo mu Disembala anaugumula mbali zonse. Atafika makumi atatu sanaime, poganiza kuti zina zikhoza kufa. Anapitiriza mpaka una womaliza, pakona ya kumadzulo. Makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi.

Atawongoka, msana unakana kaye. Kenako anazindikira kuti akupuma mpweya wabwino. Kunali zii. Utsi unali utapendekera kunyanja, wochepa, wotopa. Anayang'ana kungalande. Lupsa lakuda linafika pamphepete penipeni pa malo amene analambula aja, n'kuthera pomwepo, ngati mwana woletsedwa kulowa m'nyumba. Mphepo inali itatembenuka nthawi ina iwo ali chiweramire, ndipo sakanatha kunena kuti inali nthawi yanji. A Davie ndi anzawo ankaoneka patali, akukumba pa lupsa lawo, osalabadira za wina aliyense. M'ndime ya a Lawson simunapse ngakhale chiputu chimodzi kupatula timadontho tiwiri timene anazima tija.

Ganizo loti mwina akumba pachabe linawadutsa m'mutu. Analikankhira kumbali msanga. Mbewa zilipo, zamoyo, zoposa zimene mwanayo amafuna. Ndipo tsopano sadzavutikanso kudzuka m'bandakucha. Anamanga thumba ndi luzi, n'kukhala pamgula kudikira, akukonza m'mutu momwe adzaifotokozere nkhaniyi.

Njinga ya a Idi inamveka dzuwa litapendeka. Triza anatsika njingayo isanaime bwino, ataona lupsa ali kumsewu. Anathamanga mpaka pangalande, naona kuti moto sunawoloke, ndipo anagwira pachifuwa n'kuseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wapulumuka. Kenako anakweza maso n'kuona ndimeyo.

Inali ngati mwadutsa nguluwe. Maenje ponseponse, dothi lofiira pamwamba pa ziputu, misampha ili mulu pamgula.

A Lawson anaimirira, thumba lili m'manja, n'kuyamba nkhani yawo: za a Davie, za mwera, za tinyali touluka. Anaifotokoza bwino ndithu poyamba. Koma Triza sankawayang'ana, ankangoyang'ana maenje, ndipo mawu awo anayamba kuchepa mpaka anangomupatsira thumbalo.

"Zonse zamoyo, mayi. Makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi."

Triza anagwada, namasula luzi, n'kusuzumira. Fungo la mkodzo linatuluka lamphamvu. Mbewa za mauna osiyana, zothinana mumdima ndi m'kutentha, zinali zitalumana. Zingapo zinali zitafa, zina makutu ali ong'ambika. Zotsalazo sizinayese n'komwe kudumpha. Zinali zitangouma ndi mantha, maso ali tong'o, nthiti zokha zikugunda.

"Zakhalamo nthawi yaitali bwanji?"

A Lawson anayang'ana dzuwa. Anati mwina maola atatu.

"Atsibweni," anatero Triza, mawu ali pansi, "izi zili ndi mantha kuposa zonse zimene ndinagwira pa lupsa. Magazi ake sangandiuze kanthu." "Kodi m'ndimemu yatsalamo? Ngakhale una umodzi umene simunaukhudze?"

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo a Lawson analakalaka akanakhala mlenje wachabechabe, wophonya mauna, woti mbewa zimamuseka. Koma ankadziwa ntchito ya manja awo. Anapukusa mutu.

A Idi, amene anali atatsitsa bokosi la ayisi, anati nthawi ya swala, pemphero la kumzikiti, yakwana, n'kukankha njinga yawo mwakachetechete mpaka kumsewu asanailize. Anali munthu wodziwa pamene alendo ayenera kuchoka.

Triza anakhala pamgula wogumuka uja kwa kanthawi. Sanalire. A Lawson ankafuna kuti alire, kapena awalalatire, awatchule chitsiru pamaso pa dambo lonse. Zimenezo akanadziwa pozilandirira. M'malo mwake mwanayo anatulutsa foni, nafufuza nambala, n'kuimirira. Anapatsa moni aphunzitsi ake mwaulemu. Anawauza kuti galimoto ikabwera mawa idzangotenga magazi a mbewa za pa lupsa, chifukwa gulu linalo palibe, ndipo munda wina wosapsa kulibenso. Kunamveka mawu a munthu akufunsa motalika. Triza anamvetsera, akukanda dothi ndi nsonga ya nsapato.

"Ayi, si moto," anatero. "Ndalakwitsa ndine. Sindinakonze bwino zinthu ndisanachoke."

Anamvetseranso, nati eya, ndamva, zikomo, n'kudula.

A Lawson anamva manyazi otentha kuposa moto umene ankauthawa. Anasendera pafupi, zala zikuchucha magazi pamalaya.

"Wanamiranji? Ukanawauza kuti ndi atsibweni ako. Imbanso, ndiyankhule nawo ndekha."

"Sindinaname."

"Wakumba ndiwe?"

Triza anawayang'ana tsopano, ndipo m'maso mwake munalibe mkwiyo, chimene chinali choipa koposa.

"Tsiku lija pamgula, ndikukufotokozerani za mphindi zitatu, ndinaona kuti simunamve. Ndinaona bwinobwino, atsibweni. Ndinafuna kubwereza, koma ndinati ndingabwereze bwanji za mbewa kwa inu, mungaone ngati ndikukuderani. Lero m'mawa ndinafunanso, a Idi ali pomwepo. Ndinangoti khasu lisalowe, osanena chifukwa chake."

Anawerama n'kuyamba kutola misampha umodziumodzi, akugwedeza dothi, kuipinda ndi kuiika m'chikwama. A Lawson anatsala ataima pakati pa ndime yawo yosapsa, atagwira kukamwa kwa thumba, osadziwa kuti alitule pati.